Mizere Iwiri Yomwe Sinakumane

Ana anga, kawirikawiri mwandifunsa chifukwa chake ndinakhala chaka chathunthu ku Chiuta, ndikupalasa njinga mumchenga, pamene anzanga a mu ofesi anali pamipando yawo ku Insaca. Mayi anu amangoti inali ntchito. Inali ntchito ndithu, koma inali ndi chiyambi chake, ndipo ndaona kuti ndilembe ndekha maso akadaona, kuti nkhaniyi musadzaimve kwa ena itapindika.

Chaka chomwe tinabwerera

Ntchito ya boma ndinaiyamba patangopita miyezi yochepa chibwerere kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo. Kumsasa wa othawa kwawo ndinkathandiza mmisiri wina womanga nyumba, ndipo ndi iyeyo amene anandiphunzitsa kujambula pulani papepala, kuwerengera mafiti ndi mainchesi monga amachitira kumeneko. Titafika ku Insaca tinapeza masukulu opanda madenga, chipatala chopanda zitseko, ndi mitengo itamera m'zipinda momwe kale munkakhala alembi. Ofesi yoona zomangamanga inkafuna munthu wodziwa kugwira lapisi, ndiye kuti pensulo, ndi reguwa yolembera mizere yoongoka. Shefi, ndiye kuti mkulu wa ofesi, wa nthawi imeneyo, a Cassimo, munthu wachikulire wa Chimakuwa, anandipatsa pepala n'kundiuza kuti ndijambule chipinda chomwe tinakhalamocho. Nditamaliza anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati mizere yanga ndi yoongoka koma manambala anga ndi achilendo, ndipo ngati ndikufuna ntchito, mainchesi ndikawasiye kumalire, ndiphunzire mametro. Ndinayamba Lolemba lake.

Zaka zimenezo tinkasowa chilichonse. Tepi yoyezera inali imodzi ofesi yonse, ndipo masentimetro ake oyambirira anali atafufutika, moti tinkayambira pa khumi n'kumachotsera m'mutu. Mapepala akatha ndinkajambula kuseri kwa mafomu akale olandirira chakudya cha obwerera. Lapisi ndinkaisongola mpaka ifupike ngati chala chaching'ono, kenako n'kuilowetsa m'kabango kuti igwirike. Popita kukayeza sukulu yakutali tinkayenda wapansi, aliyense akuponda pomwe waponda mnzake, chifukwa mabomba okwiriridwa anali asanachotsedwe m'njira zina. Koma ntchito inkayenda. Ndinajambula zipinda zophunziriramo, nyumba za aphunzitsi, zimbudzi, mashedi a pamsika. Amisiri anayamba kunena kuti pulani ya a Ernesto sinama, ndipo inenso ndinayamba kukhulupirira kuti diso langa silingalakwe. A Cassimo popuma pantchito anandisiyira reguwa yawo yachitsulo.

Chaka chomwe kompyuta inafika

Panapita zaka zoposa khumi. Imvi zinali zitayamba kumera pamene tinalandira shefi watsopano, a Tomé, wochokera ku Lichinga. Anali munthu wachangu, wosakonda mawu oti mawa, ndipo anawaumiriza akuluakulu a kuchigawo mpaka anatipatsa kompyuta yojambulira mapulani. Maboma ena ankaifunanso, choncho a Tomé anatiuza poyera kuti tikalephera kuigwiritsa ntchito, idzanyamulidwa n'kupita kwa ena. Magetsi athu anali a jenereta, yomwe inkalira maola atatu masana, mafuta akakhalapo.

Anatitumizira mphunzitsi wa masabata awiri, enjinyeira wina, katswiri wa zomangamanga, dzina lawo mayi Luísa, munthu wa mawu ochepa. Tinayamba anthu atatu. Pofika Lachinayi anzanga awiri anali atapeza zifukwa zokhalira kumalo omangira, ndinatsala ndekha. Kachipangizo kogwira m'manja koyendetsera kamuvi pagalasi la kompyuta ankakatcha rato, ndiye kuti khoswe pa Chipwitikizi, ndipo kanandizunza ngati khoswe weniweni. Dzanja lomwe linkalemba mzere woongoka popanda reguwa linkalephera kuwongolera kanthu kopepuka ngati chigoba cha nkhono. Sindinagonje. Jenereta ikazima ndinkapitiriza kukayendetsa patebulo makina atazima, kuti dzanja lizolowere.

Sabata yachiwiri mayi Luísa anandionetsa chinthu chomwe anati ndicho mutu wa ntchito yonse. M'makinamo muli chomwe iwo ankachitcha maginito. Ukajambula mzere wa khoma, n'kufuna kuti mzere wachiwiri uyambire pomwe woyamba wathera, umasendeza kamuvi ka pagalasi kufupi ndi nsonga. Kamuviko kamadumphira kokha pansongapo, ndipo pamaoneka kabokosi kakang'ono. Ukafuna pakati penipeni pa mzere, pamaoneka kachizindikiro ka makona atatu. Pomwe mizere iwiri yapingasana pamaoneka kamtanda. Ukadina chizindikiro chitaoneka, zinthu ziwirizo zagwirana ndithu, popanda mpata ngakhale wa tsitsi limodzi. Anandionetsanso kafoledwe ka mazenera: kujambula limodzi lokha, kulinyamula poligwira pangodya yapansi, n'kumaliika mobwereza pa mzere umodzi wothandizira kuti onse akhale pamsinkhu wofanana, pomaliza n'kufufuta mzere wothandizirawo.

Ndinawauza kuti zimenezo ndakhala ndikuchita ndi diso zaka zonsezi. Sananditsutse. Anazimitsa maginito n'kundiuza kuti ndijambule ngodya ya nyumba ndi diso langalo. Ndinajambula, ndipo mizere inakumana bwinobwino. Kenako anazunguza kagudumu ka pa rato, chithunzi chinakula, chinakulabe, mpaka ngodya yanga inatseguka ngati chipata cha khola.

"Bambo Ernesto," anatero, "papepala diso ndi mnzanu. Muno nyumba yonse yapanikizidwa pagalasi la zikhatho ziwiri. Mpata womwe simukuuona pano, kumalo omangira mbuzi ikhoza kudutsapo. Musadine kabokosi kasanaoneke."

Ndinavomera, ndinalembanso m'kope. Koma iwo atabwerera ku Lichinga, maginito aja anayamba kundikwiyitsa. Pomwe mizere yachulukana, kamuvi kankadumphira pomwe ine sindikufuna: ndikufuna ngodya, iko kagwira pakati, ndikufuna khoma, iko kagwira zenera. Maola a jenereta ankatha ndikulimbana nako, a Tomé ataima kumbuyo kwanga kufunsa ngati pulani yatha. Tsiku lina ndinadina batani lozimitsira maginitowo. Ntchito inayamba kuthamanga, ndipo sindinauze munthu.

Chilimwe cha sukulu ya kunyanja

Nyumba yoyamba yomwe ndinajambula yonse pamakina inali sukulu ya zipinda zitatu ya m'mudzi wina wa asodzi m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Ana a kumeneko ankaphunzirira m'chisakasa cha udzu. Makolo anaumba ndi kuotcha njerwa okha, amayi akutunga madzi, abambo akusiya mabwato masiku awiri pasabata. Matabwa a denga tinawadikira miyezi yambiri, ndipo atafika kuchokera ku Cuamba anali ongokwanira, opanda lotsala.

Ntchito ya denga inapatsidwa kwa Che Amade, mmisiri wa matabwa wa m'mudzi momwemo, Myao wodziwika m'mbali yonse ya nyanja chifukwa cha zitseko zake zosapindika. Kalata sankatha kuwerenga, koma manambala ankawadziwa kuposa alembi ena. Pofuna kuthamangitsana ndi mvula, a Tomé analamula kuti mitanda ya denga, ija ya makona atatu yomwe imakhomedwa pansi n'kukwezedwa yathunthu, ipangidwe makoma akadakwera. Omanga makoma ankatsata nambala yomwe ndinalemba ndi dzanja langa, mametro asanu ndi awiri m'lifupi. Koma papepala la denga, thabwa lapansi la mtanda ndinalijambula ndi diso kuchokera khoma lina kufika khoma lina, n'kusiya kompyuta kuti iyeze yokha ndi kuikapo nambala. Nambalayo sindinaiwerenge. Ndinasindikiza pepala, n'kukalipereka kwa Che Amade ndi manja awiri.

Tsiku lokweza mitanda mudzi wonse unasonkhana, a Tomé nawo anabwera pagalimoto. Amuna khumi ananyamula mtanda woyamba. Mbali ina unakhala pakhoma bwinobwino, mbali inayo unalendewera m'malere, kutsala zala zinayi kuti ukhudze njerwa. Anayesa kuusendezera pakati, koma unkangogwira makoma onse awiri m'mphepete, moti mphepo ya kunyanja ikanaugwetsera pa ana. Anautsitsa n'kukweza wachiwiri. Chimodzimodzi. Mitanda yonse khumi ndi iwiri inali yofanana ngati mapasa, ndipo yonse inali yaifupi.

A Tomé anamukalipira Che Amade m'Chipwitikizi pamaso pa anthu ake, ana ake ali pomwepo. Anati waononga matabwa a boma, ndipo dzina lake lichotsedwa pa mndandanda wa amisiri opatsidwa ntchito. Che Amade anabwera pomwe ndinaima ine, natulutsa pepala lopindidwa kanayi m'thumba la mkanjo wake.

"Che Ernesto," anatero motsitsa mawu, "Chipwitikizi chokalipa ine sindichimva bwino, koma nambala ndimaimva. Werengani apa, mukatero muyeze thabwa."

Papepala panalembedwa mametro 6,70 m'malo mwa asanu ndi awiri. Ndinatambasula tepi pathabwa, ndipo linali 6,70, osapitirira kapena kuperewera. Munthuyo anadula chomwe ndinamupatsa. Ndinapinda pepala lija, n'kuliika m'thumba langa, osanena kanthu. Ana anga, kukhala chete kwa tsiku limenelo kumandichititsa manyazi mpaka lero kuposa kulakwitsa kwenikweniko.

Lolemba lotsatira

Jenereta itangolira ndinatsegula chojambula cha denga n'kuzunguza kagudumu. Kumanzere thabwa linayambira m'kati mwa khoma m'malo moyambira pangodya yakunja, kumanja linathera panjira. Pagalasi mipata imeneyi inali yochepa ngati njere ya mpunga. Ndinaitana a Tomé n'kuwaonetsa zonse, kuphatikizapo batani lomwe ndinazimitsa.

Anatseka chitseko. A Tomé sanali munthu woipa, ndipo zomwe ananena zinali ndi nzeru zake. Anati lipoti liyenera kupita kuchigawo. Likanena kuti pulani ya mu ofesi yathu ndiyo inalakwika, akuluakulu adzati anthu a kuno makina sawatha, adzawanyamula, ndipo khama lomwe iwo anachita powapempha lidzapita pachabe. Masukulu ena omwe akudikira mapulani adzadikirabe. Che Amade ali ndi ntchito zina, zitseko ndi mipando, sadzagona ndi njala. Anandifunsa kuti kukonza mzerewo ndi kusindikiza pepala lina kungatenge nthawi yotani. Ndinati mphindi imodzi. Anati ndichite zimenezo, lakalelo ndiling'ambe.

Ndinapempha kuti andipatse tsiku limodzi. Nditafika kunyumba ndinapeza mayi anu akusenda nandolo pakhonde, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati munthuyo anadula zomwe ndinamulembera. Nditavomera anapitiriza kusenda nandolo. Kenako anati iwonso akuopa, chifukwa awiri mwa inu munali kusekondale ndipo ntchito yanga ndiyo inali nsanamira ya pakhomo. Koma anati sangathe kudzagula matemba kwa akazi a m'mudzi umenewo akudziwa zomwe tinamuchita mnansi wawo.

M'mawa mwake ndinalemba lipoti ndi dzanja. Ndinafotokoza kuti ndinaphunzitsidwa kudikira chizindikiro ndisanadine, ndipo ndinasiya dala. Pepala la Che Amade, lopindikapindika ndi lothimbirira ndi thukuta, ndinalimata kumapeto kwake.

"Shefi," ndinatero poika lipotilo patebulo, "mzere uja ndaukonza, koma pepala lakale sinding'amba. Ngati makinawa apite, apite chifukwa cha ine amene ndinalakwa."

A Tomé anawerenga lipotilo. Anati ndine wouma mutu ngati chitsa, ndipo sindikudziwa chomwe ndikuika pamoto. Komabe anasayina pansi pa dzina langa n'kulitumiza monga linalili. Yankho linabwera patapita masabata atatu. Kompyuta inatsala, koma ine ndinaletsedwa kuigwira mpaka nditayesedwanso. A Tomé anadzudzulidwa chifukwa cholamula mitanda makoma asanathe, ndipo kwa miyezi ingapo ankandilankhula za ntchito zokha. Ananditumiza ku posto ya Chiuta, ofesi yaing'ono ya boma ya kumeneko, kuti ndikayang'anire kukonza zomwe ndinaononga.

Chaka cha ku Chiuta

Chinthu choyamba ndinapita kwa Che Amade. Ndinasankha Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti, chifukwa ananyozedwa pagulu ndipo kupepesa kwa m'nyumba sikukanakwana. Ndinavula chipewa n'kunena m'Chinyanja, kuti aliyense amve, kuti mitanda inafupika chifukwa cha pepala langa, ndipo ndinadziwa zimenezi tsiku lomwe lija koma ndinatseka pakamwa. Mkulu wina anamasulira m'Chiyao kwa okalamba. Che Amade anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati wamva, koma mawu safolera nyumba, ndibwere mawa ndi tepi.

Matabwa ena panalibe. Njira anaipeza ndi iyeyo: kuonjezera chidutswa cha mtengo wolimba kumapeto onse awiri a mtanda uliwonse, n'kuchipana ndi matabwa awiri m'mbali, omangidwa ndi mabauti. Mitengoyo anakacheka ndi abale ake, mabauti ndinakawafunafuna ndekha panjinga mpaka ku Insaca. Khoma lililonse tinaliyeza pamalo pomwe mtanda udzakhale, iye atagwira mbali ina ya tepi, ine mbali ina. Zipinda ziwiri tinazifolera mvula isanagwe. Chachitatu mvula inatipeza. Ana a kalasi yoyamba anakhala mwezi wathunthu m'chisakasa chodontha, makope atawabisa m'malaya, ndipo ndinkawadutsa m'mawa uliwonse popita kuntchito. Palibe amene anandiloza chala, koma ndinkadziwa ndekha kuti wolakwa ndine.

Ndinatsimikiza mtima kuti makina amenewo sadzandigonjetsa kawiri. Ndinawalembera kalata mayi Luísa, kuwauza zonse popanda kubisa. Anandiyankha ndi mapepala a zoyeserera, ndipo anawapempha a Tomé kuti andilole kukhala pakompyuta Lachisanu lililonse masana, kungophunzira, osajambula za boma. Choncho Lachisanu ndinkanyamuka ku Chiuta kukacha, kupalasa njinga mumchenga ndi m'matope, kuti jenereta ikamalira ndikhale nditafika. Ndinkajambula kabokosi ka makona anayi, n'kukulitsa ngodya iliyonse mpaka mapeto kuti ndione ngati yatsekeka. Kenako makona atatu pamwamba pa kabokosi, nsonga yake itagwira pamzere wochokera pakati penipeni. Kenako mazenera asanu ndi limodzi pamzere umodzi, mipata yake yofanana. Ndinkabwereza zimenezi ngati mwana wophunzira kulemba a, e, i.

Papepala lachitatu la mayi Luísa ndinapezapo chinthu chomwe chinandiseketsa ndi kundipweteka nthawi imodzi. Maginito aja ukhoza kuwauza zoti agwire. Ukafuna nsonga zokha, umazimitsa za pakati ndi za pamphambano, ndipo kamuvi kamasiya kudumphadumpha. Ukafika pomwe mizere yachulukana, umakulitsa chithunzi kaye usanadine. Vuto lomwe linandichititsa kuzimitsa zonse linali ndi mankhwala ake pafupi, ndipo ndikanawapeza ndi funso limodzi. Sindinafunse chifukwa ndinali a Ernesto a pulani yosanama.

Chaka chitatha

Mayi Luísa anabwera kudzandiyesa. Anandipatsa nyumba ya aphunzitsi kuti ndijambule, iwo atakhala pambali. Nditamaliza anakulitsa ngodya imodzi ndi imodzi, kuyambira maziko mpaka denga, ndipo sanapeze mpata. Analemba kalata yaifupi, ndipo ndinabwerera pampando wanga ku Insaca. Ndinajambula pamakina amenewo mpaka tsiku lopuma pantchito. Onse obwera kumene mu ofesi ankadutsa m'manja mwanga, ndipo tsiku lawo loyamba ndinkawauza za mitanda khumi ndi iwiri, kutchula dzina langa, ndisanawaonetse batani lililonse.

Nyumba ya aphunzitsi ija inamangidwa m'mudzi womwe uja wa kunyanja, ndipo a Tomé eni ake analemba dzina la Che Amade pa ntchito ya denga. Pepala ndinakalipereka ndekha. Ndinamuuza kuti ulendo uno ngodya iliyonse yagwirana, nambala iliyonse ndaiwerenga katatu, akhoza kuyamba kudula. Analilandira, analiyang'ana bwinobwino, n'kulipinda kanayi. Kenako anatenga tepi yake n'kuyamba kulowera komwe kunali makoma.

"Pepala lanu ndalikhulupirira, Che Ernesto," anatero akuyenda, "koma denga silidzakhala papepala. Bwerani mudzagwire mbali inayo."

Ndinamutsatira, ndinagwira tepi pangodya yakunja ya khoma, iye anaikoka mpaka tsidya lina. Anawerenga nambala ya pa tepi, anafutukula pepala n'kuwerenganso. Anangoitana abale ake kuti abweretse sowo.